Ku Sochaux, kwawo kwa Pijo ya malume

Sitima yothamanga yochokera ku Paris inatitula pa siteshoni ya Belfort-Montbéliard titayenda maola awiri ndi theka, ndipo choyamba kundilonjera chinali chisanu. Ndinavala jekete limene ndimadalira mu Juni ku Dedza. Kuno linasanduka neti ya udzudzu. Alamu anga, amene akhalitsa ku France, anangoseka n'kundiponyera chipewa chaubweya chonunkha mafuta a tsitsi a munthu wina.

"Alamu, anthu amabwera kuno kudzaona nsanja ya Eiffel. Inu mwadzera galimoto yakufa?"

Sinali yakufa kwa ine. Malume anga anali ndi Peugeot 504 ya pikapu imene ankachitira matola pa msewu wa Mchinji, ndipo ankaitchula kuti Pijo. Ndinakulira kumbuyo kwake, pakati pa matumba a mtedza ndi miyendo ya amayi opita kumsika. Ndinkafuna kuona abale ake.

Sochaux ndi tauni yaing'ono yogundizana ndi Montbéliard, kum'mawa kwa France, kufupi ndi malire a Switzerland. Fakitale ya Peugeot yakhala pamenepo kuyambira 1912, ndipo mpanda wake umangotsatana nawe m'mbali mwa msewu mpaka khosi kutopa. Nyumba yosungiramo zakale ya kampaniyi, Musée de l'Aventure Peugeot, inatsegulidwa mu 1988. Tikiti yolowera sinafike mayuro 15. Ndinayamba kuwerengera m'makwacha, alamu n'kundigwira mkono kuti ndisadzipweteke mtima.

Ukalowa sukumana ndi galimoto. Ukumana ndi macheka.

Banja la Peugeot linayamba ndi zitsulo mu 1810, ndipo mkango umene timauona pa boneti unayambira pa macheka amenewo, kutanthauza mano akuthwa. Kenaka pali timphero ta khofi tambirimbiri m'magalasi, makina osokera, njinga zakapalasa. Ndinadutsa mwachangu, ngakhale ndinaima pang'ono pa kagalimoto ka 1892 kamene anapangira mfumu ya ku Tunis, kojambulidwa maluwa thupi lonse ngati mbale ya ukwati. M'nyumbamo mumanunkha polishi, labala wakale ndi kafungo ka oyilo kapatali. Phokoso ndi la nsapato zokha pa simenti yosalala, ndi ana asukulu amene mphunzitsi wawo ankawakalipira monong'ona.

Nditapyola 203, 403 ndi 404, ndinaiona. 504 yazitseko zinayi, itaima mwaulemu kuseri kwa chingwe.

Ndinadabwa kuti ndi yaing'ono. M'maso mwa mwana inali ngati lole. Nyale zake zakutsogolo ndi zija zamakona, zotukuka pang'ono m'mbali, zimene anthu ankati zikufanana ndi maso a Sophia Loren. Buti yake imayenda mowongoka kenaka n'kuthyoka mwadzidzidzi kuloza pansi, ngati wina anaikhalira isanaume. Galimotoyi inatuluka mu 1968, mochedwerapo chifukwa cha sitalaka za mwezi wa Meyi chaka chimenecho, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Injini yoyamba inali ya 1796 cc, kenaka anaikuza kufika 1971 cc, n'kuwonjezanso ya dizilo. Ndinasuzumira pa windo. Chiwongolero chili kumanzere, ndipo maso anga anakana kuvomereza kwa kanthawi, chifukwa mpando umenewo ndi umene ankakhala mayi wodwala kapena mfumu ya m'mudzi, munthu woyenera kupatsidwa ulemu wakutsogolo.

Masitepe ochepa kuchoka pamenepo pali ziwiri zimene sindinazionepo kwathu, yazitseko ziwiri ndi ina yopanda denga. Dzina ndi lomwelo, 504, koma ukazionera patali sungazipatse mtundu umodzi ndi ya malume. Matupi ake ankapangidwa ku Italy ndi kampani ya Pininfarina ya ku Turin, ndipo zinaonetsedwa koyamba ku Geneva mu 1969. Ndi zazifupi: kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi masentimita 255, pomwe yazitseko zinayi ili ndi 274. Mu 1974 anaziika injini ya V6. Ndi zokongola, sindikana. Koma ndinaziyang'ana monga umayang'anira msuweni amene anakulira kunja, wosalala khungu, amene sanasenzepo chidebe.

Chimene chinandibwezera ulemu pa izo ndi mbali ya magalimoto ampikisano. Yazitseko ziwiri yomweyo, ya V6, ndi imene Jean-Pierre Nicolas anapambanira Safari Rally ku Kenya mu 1978, patapita zaka zitatu Ove Andersson atapambana mpikisano womwewo ndi yazitseko zinayi. Msuweni uja, ndiye kuti matope amawadziwa.

Kenaka pikapu. Mtima unagunda.

Koma si ya matola. Ndi yoyera mbee, ndipo kumbuyo kwake anamangako kanyumba kagalasi. Inanyamula Papa Yohane Paulo II atayendera France m'zaka za m'ma 1980, Papa yemweyo amene anafika ku Malawi mu 1989. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana malo amene ife tinkakhalapo anthu khumi ndi asanu, mbuzi imodzi ndi njinga ziwiri. Apa panali pa munthu mmodzi. Ndinawerama kuti ndione masipuling'i akumbuyo, bondo n'kulira, mlonda n'kutsokomola. Ndinadzuka.

Ku sitolo yapotulukira amagulitsa koperera tsabola kolembedwa Peugeot, ndipo kamene ndinakakonda kanapitirira mayuro 30. Ndinakabweza pamalo pake ndi manja awiri. Tinamwa khofi wa mayuro awiri ndi timakobidi, wowawa, m'kapu yonga chivindikiro cha botolo, n'kutuluka.

Zenizeni ndinazipeza panja, poimika magalimoto.

Panali 504 yaitali, ija ya chitseko chakumbuyo, koma itakwera m'mwamba ngati yavala nsapato zagogoda, matayala ake okhala ndi mano, matope ouma m'mbali. Pambali pake panaima mdala wa ndevu zoyera akudya buledi. Alamu anamupatsa moni, ndipo ataona mmene ndinkazungulirira galimotoyo, anapukuta manja n'kutsegula boneti osapemphedwa. Fungo la dizilo wotentha linandimenya kumaso, ndipo kwa kamphindi ndinali pa depoti ya Lilongwe.

Iyi ndi Dangel, anatero kudzera mwa alamu. Henri Dangel anali katswiri wa ku Alsace, ndipo kuyambira 1980 kampani yake ya ku Sentheim, mtunda wosafika makilomita 50 kuchokera pamene tinaima, inkatenga 504 zazitali ndi mapikapu n'kuzisandutsa zokoka ndi matayala onse anayi. Mdalayo anagwada pa phula lozizira n'kundikoka jekete kuti nanenso ndigwade. Anandilozera bokosi logawa mphamvu kuseri kwa giyabokosi, chitsulo chozungulira chopita kutsogolo, ndi difu yachiwiri imene 504 wamba ilibe. Ankalozera ndi nyenyeswa ya buledi.

Kenaka anatulutsa fayilo yonenepa pampando wakumbuyo. Munthuyu wakhala zaka akulemba mtundu uliwonse wa 504 umene wauona kapena kuumva. Tsamba lililonse lili ndi chithunzi, chaka, nambala yokhomedwa pa chitsulo, ndi dzina la amene anasintha thupi. Anatembenuza ndi chala chonyowetsa malovu. Nayi Familiale ya mizere itatu ya mipando, yonyamula anthu asanu ndi awiri. Nayi Commerciale, yamalonda, yopanda zokometsera. Zonsezi ndi zazitali, masentimita 290 pakati pa matayala, ndipo kumbuyo zili ndi ekiselo imodzi yolimba yosaopa katundu. Nawa maambulansi, nayi yonyamula maliro. Nayi Riviera, imene Pininfarina inaonetsa mu 1971 koma sinalowe m'malonda. Pikapu inabwera mochedwa, mu 1979. Akakayika chinthu, anati, amalembera kalata kosungira mapepala akale a kampani ku Hérimoncourt, ndipo pensulo sasintha kukhala inki asanayankhidwe.

Chakumapeto kunali masamba a kunja. Ku Ulaya yazitseko zinayi inatha mu 1983, koma ku Argentina inapitirira mpaka 1999, ku Kenya mpaka 2004, ndipo ku Kaduna, ku Nigeria, mpaka 2006. Masamba amenewa anali opyapyala, zithunzi zake zosaoneka bwino.

Ndinamuuza za ya malume. Kuti munthu wina anaiwotcherera mipanda yachitsulo yofika m'mapewa, ndi kakwerero kumbuyo kopondapo kondakitala. Kuti anawonjezera masamba awiri pa sipuling'i iliyonse, ochotsedwa ku galimoto ya mtundu wina. Kuti pamwamba pa denga panali keriyala ya mapaipi amadzi, ndipo nthawi ya mvula ankakunga tenti yobiriwira imene inkadontha pakati penipeni. Alamu ankamasulira akuseka. Mdalayo sankaseka. Anatulutsa pensulo.

Chithunzi chilipo? Palibe. Kamera inali ya paukwati, osati yojambulira matola. Nambala ya pa chitsulo? Ndinangotambasula manja. Galimotoyo inagulitsidwa ndili ku sekondale, ndipo ndinamva kuti inathera kuseri kwa nyumba ina, nkhuku zikuikiramo mazira.

Anandipatsa tsamba loyera kuti ndijambule. Zala zinali zitauma ndi chisanu, ndipo chimene chinatuluka chinkafanana ndi khola la nkhumba lokhala ndi matayala. Iye anachiyang'ana mofatsa, n'kuwongola mzere wa denga, n'kufunsa funso limene alamu anachita kubwereza kawiri.

"Akuti wopanga thupi anali ndani? Pali mpata wa dzina."

Ndinaganiza. Ndinakumbukira bambo wamfupi wa kuseri kwa msika, wovala magalasi adzuwa othyoka mwendo umodzi m'malo mwa chigoba chowotcherera, amene ankatithamangitsa tikamayang'ana moto wake. Tonse tinkangoti awelda.

Mdalayo analemba zimenezo, chilembo chimodzichimodzi, alamu akumutchulira. Pansi pake analemba "Mchinji", n'kufunsa ngati h amabwera pambuyo pa c. Tsambalo analilowetsa pakati pa Kenya ndi Nigeria, n'kumaliza buledi wake.