Malire anatipeza tili kale pachibale



Ife amene tinabadwira m'boma la Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, tili ndi nkhani imene sitiitchula kawirikawiri. Tikapita ku Quelimane, likulu la chigawo chathu cha Zambezia, n'kuyankhula Chichewa, ena amatiyesa Amalawi. Tikawoloka mtsinje wa Muloza kupita ku Limbuli kapena ku Mulanje, kumeneko amatitcha anthu a ku Mozambique. Ana athu akamva zimenezi amatifunsa kuti, "Kodi ifeyo kwenikweni ndife a kuti?" Funso limeneli si lachibwana, pakuti munthu wosadziwa kumene anachokera amangovomera chilichonse chimene ena anena za iye.

Funso la anawa ndilo linatichititsa ife, akhristu owerengeka a kuno, kuyamba kufufuza mbiri ya boma lathu. Makolo athu amene analowako m'kalasi m'nthawi ya atsamunda ankaloweza mayina a mafumu ndi mitsinje ya ku Portugal. Ife tinaphunzira za Ngungunhana wa ku Gaza, za Eduardo Mondlane ndi za Samora Machel, ndipo kunali koyenera kutero. Ena mwa ife amene tinayambira sukulu ku Malawi tili othawa nkhondo tinaloweza za John Chilembwe ndi Kamuzu Banda. Koma za Milange mwiniwake tinamva zochepa kwambiri. Tsono tinayamba kukhala pansi ndi agogo athu, ndipo zimene ankatiuza tinkaziyerekeza ndi zolembedwa m'mabuku a mbiri.

Choyamba chimene tinaphunzira n'chakuti malirewa ndi a dzulodzulo. Amang'anja, Alomwe ndi Ayao anali akukhala kale kuzungulira mapiri ano, akukwatirana ndi kusinthana mchere, makasu ndi nsomba za ku Chilwa. M'chaka cha 1889 Mpwitikizi wina, Serpa Pinto, anakwera ndi asilikali m'chigwa cha Shire n'kumenyana ndi Amakololo. Angerezi, amene anali kale ndi amishoni a ku Scotland ku Blantyre kuyambira 1876, anakwiya, ndipo mu Januwale 1890 anaopseza boma la Portugal kuti lichotse asilikali ake. Pa 11 Juni 1891 maiko awiriwa anasainirana pangano logawana dera lino, ndipo mtsinje wa Ruo unasanduka malire. Panalibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa maganizo. Ngakhale mayina akuti Milange ndi Mulanje ndi dzina limodzi, lolembedwa ndi manja a atsamunda awiri. Choncho mwana wa ku Milange akamayankhula Chichewa sanabwereke chiyankhulo cha eni ake. Akuyankhula chimene chinkamveka m'midzi ino malire asanalembedwe.

Chachiwiri, tinaphunzira chifukwa chake pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi abale ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Thyolo. Ulamuliro wa Apwitikizi unabwera ndi msonkho ndiponso chibalo, ntchito yokakamiza ya m'minda ya makampani ndi m'misewu. Wolephera kukhoma msonkho kapena wothawa ntchito ankamenyedwa m'manja ndi thabwa lija ankalitcha palmatória. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka zaka makumi angapo zotsatira, Alomwe ambirimbiri ochokera kufupi ndi phiri la Namuli anadutsa kuno kupita ku Nyasaland. Kumenekonso sanapeze mpumulo, chifukwa anagwa m'thangata la m'minda ya azungu, ndipo anapatsidwa dzina lachipongwe lakuti Anguru. Ena mwa iwo anali m'gulu la John Chilembwe pamene anaukira atsamunda m'chaka cha 1915, ndipo Chilembweyo anaphedwa akuthawira cha kumalire kuno. Amene anatsala kwathu anathyola tiyi m'minda ya ku Milange ndi ku Gurue, ena anakakamizidwa kulima thonje. Lero zidzukulu za amene anawoloka aja zimasonkhana chaka ndi chaka pa Chonde m'boma la Mulanje pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo amatchulabe Namuli ngati kwawo.

Koma njira imeneyi sinali yopita kokha. Lewis Bandawe, Mlomwe wobadwira mbali ino ya malire amene anaphunzira ku mishoni ya Blantyre, anabwerera m'chaka cha 1913 kukagwira ntchito pa mishoni ya Mihecani kufupi ndi Alto Molócuè, ndipo anathandiza kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Buku Lopatulika la m'Chichewa litatuluka m'chaka cha 1922, amuna obwerera kuchokera ku ntchito ankabwera nalo m'mitolo yawo pamodzi ndi mabuku a nyimbo. Boma la Portugal litapangana ndi Vatican m'chaka cha 1940 kuti maphunziro a anthu akuda akhale m'manja mwa mpingo wa Katolika, mipingo ngati yathu inkayang'anidwa ndi diso lokayikira, ndipo agogo athu akuti nthawi zina ankapemphera mobisa kapena kuwolokera tsidya lina tsiku la Sabata. Umu ndi mmene Chichewa chinakhazikikira m'mapemphero athu.

Kenaka tinafika pa mbiri imene mboni zake zikadali moyo. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Seputembala 1964, ndipo dera la Mongue m'boma lathu lino ndi limodzi mwa malo a m'Zambezia amene asilikali a FRELIMO anagwirako ntchito. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Chaka chomwecho boma latsopano linasonkhanitsa anthu zikwizikwi a Mboni za Yehova ochokera m'zigawo zosiyanasiyana n'kuwaika m'misasa ya ku Carico, konkuno ku Milange, kumene anakhala zaka zoposa khumi. M'dera lomwelo munalinso anzawo amene anathawa mazunzo ku Malawi. Timasiyana nawo m'chiphunzitso, koma sitingafotokoze mbiri ya Milange moona titawasiya kunja, popeza ena a iwo anaikidwa m'nthaka yomwe tikulimayi.

M'chaka cha 1986 tauni ya Milange inagwa m'manja mwa RENAMO, ndipo asilikali a boma anailandanso m'chaka cha 1988. Nyumba zinagumulidwa, minda ya tiyi inasanduka tchire, anthu anabalalika. Amayi anawoloka Muloza atabereka ana, mphika uli pamutu. Pofika 1992 dziko la Malawi linali kusunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, ena m'misasa, ena m'midzi ya abale. Taonani chodabwitsa chake: amene anatilandira ku Mulanje ambiri anali zidzukulu za anthu aja anathawa chibalo zaka makumi asanu ndi atatu m'mbuyomo, amene makolo athu anawapatsa madzi ndi kuwalozera njira podutsa kuno. Zoonadi, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama. Atsogoleri a mipingo, monga Jaime Gonçalves wa Katolika ku Beira ndi Dinis Sengulane wa Anglican, anagwira ntchito yaikulu kuti mbali ziwirizi ziyankhulane. M'zaka za 1993 ndi 1994 tinabwerera kudzapeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba zathu. Kuyambira 1995 bungwe la mipingo ya chikhristu m'dziko muno linayamba kulandira mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera.

Apa ndi pamene kufufuza kwathu kunavuta. Ena mwa akulu anatichenjeza kuti, "Ana inu, musafukule zimene zinakwiriridwa." Nkhawa yawo tinaimvetsa. Pa benchi limodzi m'tchalitchi pamakhala munthu amene anali msilikali wa boma, wina amene anatengedwa ali mnyamata kukanyamula katundu kutchire, ndi mayi amene mwamuna wake sanabwerere. Mtendere wa m'midzi yathu unamangidwa pa kukhululukirana, ndipo mbali ina unamangidwa pa kukhala chete. Koma tinaona kuti chete ameneyu ali ndi mtengo wake. Achinyamata obadwa nkhondo itatha amamva dzina la nkhondo lokha, osadziwa kuti imatanthauza kudya zikhawo za nthochi ndi kuika mwana m'manda a chilendo. Wosadziwa kuwawa kwa moto ndiye amaseweretsa machesi. Choncho tinagwirizana kuti pofunsa sitifuna mayina a olakwa. Timafunsa kuti: Munagona kuti usiku woyamba? Anakupatsani chakudya ndani? Mudzi wathu unali pati kale? Manda a makolo ali kuti? Mafunso otere atsegula pakamwa pa agogo amene anakhala chete zaka makumi atatu.

Mbiriyi sinathe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowera ku Quelimane n'kugwetsa mvula yoopsa pa mapiri athu, ndipo madzi sanafunse chiphaso pa Muloza: tinalira maliro mbali zonse ziwiri. Kumapeto kwa 2024, chipwirikiti cha pambuyo pa chisankho chitabuka, anansi athu a ku Morrumbala anawolokeranso ku Nsanje. Ndipo chaka chilichonse njala ikavuta ku Malawi, njinga zodzaza matumba a chimanga cha ku Milange zimatsikira kumalire. Lero ife tiri opatsa, mawa tiri opempha. Amene adziwa mbiri imeneyi sangathe kunyoza mlendo wogogoda pakhomo pake, kapena kumukwezera mtengo wa chimanga chifukwa chakuti wasowa kolowera.

Tsono pempho lathu kwa inu, abale, n'lakuti musachedwe. Amene anali achinyamata m'chaka cha 1964 lero apitirira zaka 75, ndipo mwezi uliwonse timaperekeza wina kumanda pamodzi ndi zonse zimene ankadziwa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Gulani kope, khalani pansi ndi agogo anu, lembani mayina a midzi yakale, a mitsinje imene anawoloka ndi a mabanja amene anawasunga. Amene muli ndi lamya za m'manja jambulani mawu awo. Abale athu amene muli ku Blantyre, ku Beira, ku Harare kapena ku Johannesburg, mukabwera kudzacheza musangobweretsa shuga ndi zitenje. Bweretsaninso ana anu kuti adzamve okha. Yoswa anauza Aisraeli kuti aimike miyala khumi ndi iwiri atawoloka Yordano, kuti ana akadzafunsa tanthauzo lake makolo adzakhale ndi poyambira kufotokoza. Nafenso tawoloka mitsinje yathu kangapo, ndipo ana ayamba kale kufunsa.

Yankho limene tikuwapatsa ndi ili: ndife a ku Milange, nzika za Mozambique, ndipo a tsidya linalo ndi abale athu a magazi. Malire tiwalemekeze monga lamulo linenera, koma tidziwe kuti anatipeza tili kale pachibale.

Ambuye akudalitseni nonse ndi kusunga mtendere m'dziko lathu.