Pa Nakivubo, Pamene Kapitawo Anadzudzula Mfumu

Alendo ofika ku Kampala m'dziko la Uganda amathamangira ku Namugongo, kumene Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa pa 3 Juni 1886. Koma pakati penipeni pa mzindawo, m'cigwa ca Nakivubo, pali malo ena amene ambiri amangowapitirira. Lero pali msika waukulu wa Owino. Tinjira take n'topanikizana, milu ya salaula ili mbali zonse, nthoci zili mbwee, ndipo mau a otsatsa malonda saleka kufikira dzuwa litalowa. Msikawu umachedwanso St. Balikuddembe, pokumbukira munthu amene magazi ake anakhetsedwa pa dothi limeneli.

Joseph Mukasa Balikuddembe anabatizidwa mu 1882 ndi ansembe a White Fathers, cipani comweco cimene pambuyo pake cinabzala cikhulupiriro kuno kwathu. Iye anali kapitawo wa pabwalo la Kabaka Mwanga, woyang'anira anyamata otumikira mfumu. Poona kuti mfumu ifuna kucita zonyansa ndi anyamatawo, iye anali kuwachinjiriza ndi kuwalimbitsa mtima.

Mu Okutobala 1885, Mwanga analamula kuti Bishopu James Hannington wa mpingo wa Anglican aphedwe ku Busoga. Pabwalo la mfumu ambiri anakhala cete, poopa kutaya mitu yao. Joseph anapita pamaso pa mfumu naiuza kuti kupha mlendo osamva mlandu wake n'kulakwa. Taonani, abale, munthu amene anamulankhulira sanali wa mtundu wake, ndiponso sanali wa mpingo wake. Cilungamo sicifunsa kalata ya ubatizo.

Mfumu inapsa mtima, ndipo pa 15 Novembala 1885 inamuweruza kuti afe. Joseph anakana kumangidwa, nayenda yekha kutsikira ku Nakivubo. Asanadulidwe mutu, anatumiza mau kwa Mwanga akuti wamukhululukira, koma alape. Thupi lake linatenthedwa pomwepo. Anali ndi zaka pafupifupi 25, ndipo ndiye anatsogolera amartiri 22 a Cikatolika amene Papa Paulo VI anawalemba m'gulu la oyera mu 1964.

Woima pa Nakivubo sapeza bata la malo opatulika. Amapeza thukuta la anthu osauka amene afunafuna cakudya ca tsikulo, anthu amene amayamba kuvutika atsogoleri akapotoza cilungamo. Kapena nkoyenera kuti woyera wolankhulira opanda mau akumbukiridwe pakati pao.

Joseph sanatenge mkondo, sanatukwane, sananong'one kuseri. Analankhula poyera, kwa mwini wake, ali wokonzeka kulipira mtengo wake. Ife makolo, tikaona mfumu ya mudzi ilanda munda wa mkazi wamasiye, kapena mkulu wa nchito adyera masuku pamutu anchito ake, timatani? Ana athu amaphunzira kulimba mtima, kapena mantha, pa zimene amationa tikucita.