Ndimawotcherera Zitsulo Zoti Anthu Azitererapo

Ntchito yowotcherera ndinaiphunzirira ku Cuamba, nditachoka kwathu ku Etatara ndili mnyamata. Mmisiri amene anandiphunzitsa ankapanga mageti, mafelemu a mawindo, mbaula, ndi kulumikiza njinga zothyoka chifukwa chosenzetsedwa matumba a chimanga. Zonse zimene tinkapanga zinali zoti zigwire: geti likanize wakuba, felemu igwire galasi. Lero ndimapanga zitsulo zoti zisagwire kanthu ngakhale pang'ono, ndipo ndikuuzeni, ntchito yachiwiriyi ndi imene imavuta.

Ndinafika ku Johannesburg monga amafikira anzathu ambiri, ndipo maoda a pashopu pomwe ndinkagwira ntchito ndi amene anandifikitsa ku mapiri a Maluti m'dziko la Lesotho. Kumeneko, m'boma la Butha-Buthe, kuli malo otchedwa Afriski, okwera kupitirira mamita 3,000. Amene anaonapo phiri la Mulanje angamvetse: nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndiye anthu kumeneko amagona ndi kuphika nsima pamsinkhu umenewo. Kuyambira June mpaka August kumazizira moti madzi amauma m'mapaipi. Chipale chofewa chikachedwa kugwa, makina amapopera madzi m'mwamba usiku, n'kumatera pansi atasanduka chipale. Anthu amamanga ma ski kumapazi, timatabwa tiwiri tatitali, n'kumatsetsereka paphiri. Pambali pa msewu waukulu wotsetserekamo pali bwalo lotchedwa Kapoko, la anthu amene kutsetsereka kokha sikuwakwanira. Iwowo amafuna kudumpha, kutembenuka m'mwamba, ndi kuterera pamwamba pa zitsulo. Masewerawa si a ana opanda chochita ayi: analowa m'mpikisano wa Olimpiki wa nyengo yozizira mu 2014 ku Sochi, m'dziko la Russia.

Chitsulo chotererapo amachitcha rail. Ndimachipanga kuchokera ku paipi yakuda yokhuthala, kapena chitsulo cha makona anayi, zomwe zimagulitsidwa zotalika mamita 6. Paipi yopaka zinki, yoyera ija ya m'mijigo, sindiyifuna: utsi wake umadwalitsa powotcherera, ndipo ski imakakamira pamwamba pake. Miyendo ndimaiwotcherera kunsi kokha, ndi mapazi otambalala oti akwiriridwe m'chipale. Nsonga zonse ziwiri ndimazipindira pansi n'kuzitseka, chifukwa paipi yotsegula kukamwa imameza nsonga ya ski, ndipo munthu amauluka yekha ski itatsala. M'mbali timakhoma mapulanga kuti mwendo usalowe pakati pa miyendo ya chitsulo.

Pomwe pagona ntchito ndi polumikiza. Mapaipi awiri akakumana, makamaka pa chitsulo chokhota chimene chimayamba chathyathyathya kenako n'kutsika, msoko uyenera kulowa mkati ndithu, kenako uchotsedwe pamwamba mpaka usaoneke. Ndimayamba ndi galayinda, n'kubwera ndi sandipepa wokhakhala, kenako wosalala. Pomaliza ndimavula golovesi, kutsinzina, n'kuyendetsa chala pamsokopo uku ndi uku. Chala chikamva kanthu, ndiye kuti ski idzamvanso. Ena amandiseka kuti ndikusisita chitsulo ngati mwana, koma kachiphuphu kochepa ngati njere ya mapira n'kokwanira kugwetsa munthu wamkulu chafufumimba. Penti ndimapaka m'mbali mokha. Pamwamba pamakhala chitsulo chosavala, ndipo dzimbiri likayamba timalichotsa m'mawa uliwonse.

Palinso bokosi, lomwe ndi la oyamba kumene. Ndi lotambalala pafupifupi kutalika kwa phazi la munthu kapena kuposerapo, pamwamba pali pulasitiki yolimba yoterera, m'mphepete muli tizitsulo. Pulasitiki imeneyi imafutukuka dzuwa likawala n'kukhwinyata usiku, choncho mabowo a masikuluwu amafunika kukulirapo pang'ono, ndipo mitu ya masikuluwu imire mkati. Wopanga amene sadziwa zimenezi bokosi lake limatupa pakati tsiku loyamba lotentha.

Kutererako ndinakuphunzira chifukwa sindikanatha kumva madandaulo a osewera ndisanakwerepo ndekha. Wina akati chitsulo ichi chikuluma, ndimafuna ndidziwe kuti akunena chiyani. Ndiye nazi zimene thupi langa linaphunzira.

Umayamba pa bokosi, molunjika, ma ski onse awiri akuyang'ana kutsogolo. Palibe chochita koma kuima, mawondo opinda pang'ono, n'kulola kuti likutenge. Zikakhazikika, umaphunzira chenichenicho: kudumpha ndi miyendo yonse iwiri nthawi imodzi, kutembenuka chammbali, n'kutera ma ski atapingasa chitsulo, icho chili pansi penipeni pa nsapato. Mapazi atalikirane ngati mapewa. Apa ndi pamene mantha amanamiza munthu. Pachipale, ukafuna kuchepetsa liwiro umapendekera kumtunda kuti mpeni wa m'mphepete mwa ski ulume. Pachitsulo mpeniwo ulibe choluma. Ukapendekera kumbuyo, mapazi amathawira kutsogolo, iwe n'kumenyetsa chiuno pa paipi. Ndaona anthu odziwa kutsetsereka bwino kwambiri akugwa motero mobwerezabwereza, pamene kamwana kongoyamba kumene kakudutsa bwinobwino chifukwa sikanazolowere kudziteteza. Thupi liyenera kutsamira pang'ono ku mwendo wotsogola, kumene mtima ukukana kupita.

Maso nawo ali ndi lamulo lawo. Amene anakulira kufupi ndi njanji ya ku Nacala, imene imadutsa pa Cuamba kupita ku Entre Lagos ndi Nayuchi, akudziwa kuti mwana woyenda pamwamba pa njanji akayang'ana mapazi ake amagwa, koma akayang'ana patsogolo amayenda mtunda. Pa rail n'chimodzimodzi: maso akhale kumapeto kwa chitsulo kuyambira usanadumphe. Liwironso lisachepe. Oyamba amaganiza kuti kubwera pang'onopang'ono ndiko kusamala, osadziwa kuti akatero amakhalitsa pamwamba, ndipo kukhalitsako n'kumene kumawagwedeza. Ukaona kuti ukuterera kumbali, usalimbane nacho. Tsika, ukayambenso.

Osewera nawo ali ndi ntchito yawo ya tupa. Ski yatsopano imabwera ndi mipeni yakuthwa m'mbali. Wofuna zitsulo amatenga tupa n'kuibunthitsa pansi pa nsapato, kuti isadye paipi. Zimenezi zimapangitsa ski kuvuta pa chipale cholimba cha m'mawa, n'chifukwa chake amene ali nazo ndalama amakhala ndi mapeyala awiri. Ine sindilola munthu wa mipeni yakuthwa pa chitsulo changa. Amadzivulaza, komanso amasiya mabala pa paipi amene ndidzawachotse ndine.

Zikakhala zakhazikika, zokometsera zimabwera zokha. Ma ski a masewerawa ndi opindika nsonga zonse ziwiri, mtundu umene unafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Salomon itatulutsa ski yotchedwa 1080, ndiye munthu amatha kutera chambuyo. Ukadinda chala kapena chidendene cha mwendo wotsogola, ski imagwira paipi pang'ono n'kukupatsa podzikankhira kuti uzungulire potsika. Kuzungulira kotereku amakutcha 270. Kudumpha pakati pa chitsulo n'kusintha mbali amati switch-up. Achinyamata amafuna kuyambira pamenepa chifukwa ndi zimene amaona pa YouTube. Ndimawabweza ku bokosi. Amene sangathe kuterera mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, sanafike poti azungulire, ndipo wopanda chipewa choteteza mutu asayandikire n'komwe.

Chitsulo chabwino chikhoza kuipa chifukwa cha mmene chaikidwira. Dzuwa la masana limatenthetsa paipi, chipale cha m'miyendo n'kusungunuka, chitsulo n'kuyamba kupendekeka. M'mawa uliwonse timayenda ndi fosholo, reki ndi levulo, kukwirira miyendo, kuwongola, ndi kuumbanso kachitunda kodumphirapo. Kachitundako kakakumbika pakati, kamaponyera munthu kumbali asanafike n'komwe pa chitsulo. Anzanga a Chisotho amene timagwira nawo ntchitoyi amaiwona mbali yopendekeka ndi maso okha, levulo isanatuluke m'thumba.

Chipale chikatha mu September ndimabwerera ku mageti ndi mawindo, ndipo chaka chikalola ndimapita kumudzi kudzera ku Tete, Mwanza, mpaka pachipata cha Chiponde ndi Mandimba. Kunyumba akandifunsa za ntchito ndimaonetsa kanema pafoni, ndipo akuluakulu amangopukusa mutu kuti pali anthu olipira ndalama kuti akagwe pa chitsulo. Ana ndi amene amafunsa mafunso enieni. Chipale kwathu kulibe, koma osewera a kunja amaphunzira ngakhale nyengo yotentha, pa paipi ya pulasitiki yokhomera pa thabwa, ndi kapeti wothira madzi a sopo pothamangirapo. A sikeitibodi ndi a nsapato za matayala amagwiritsa ntchito zitsulo zofanana ndi zanga, zazifupi chabe.

Choncho amisiri anzanga a ku Cuamba, Mandimba ndi Ngauma, mwana akadzabwera pashopu ndi kapaipi kuti mumuikire miyendo, musamuthamangitse, komanso musamupangire mwachidule ngati choyanikapo zovala. Chikhale chachifupi, chosapitirira bondo lake, mapazi ake otambalala kuti chisagubuduke. Tsekani nsonga zonse ziwiri, ndipo msoko uliwonse muupalepale mpaka chala chanu chisaumve.