Masaya a Mlongo Wanga

Mlongo wanga atatsika basi yochokera ku Johannesburg, tonse tinati ku Joni kwamuyanja. Masaya anali odzadza, makwinya a m'mbali mwa kamwa atazimirira. Ine wodya malipiro a m'boma ndinangoti ndi nyama ya kumeneko.

Patatha miyezi 4, chimfine chinazungulira nyumba yathu yonse ku Chimwankhunda. Enafe tinachira, koma iye anadzuka masaya atatupa, mlomo wam'mwamba uli gwa ngati mbatata yosapsa. Amayi sanachedwe: "Apa pali dzanja la munthu." Munthuyo anamutchula ndithu: mayi woyandikana nafe amene tinakanganapo naye za mpanda. Ndiulule, ine wopita kusukulune sindinawatsutse. Ndinaleka kumupatsa moni mayiyo.

Kuchipatala dokotala anafunsa za dzino, za chakudya, za mankhwala. Mlongo wanga ankangopukusa mutu. Tili mu minibasi pobwerera m'pamene anandinong'oneza: "Achimwene, musawauze amayi. Ku Joni ndinabayitsa jakisoni wa kumaso."

Tinatsika n'kubwerera kuchipatala kuja.

Dokotala anati mankhwalawo ndi dermal filler, madzi olimba ngati phala amene amabayidwa pansi pa khungu kuti lifufume. Ofala kwambiri ndi a hyaluronic acid, ndipo amakhala m'thupi miyezi 6 mpaka kupitirira chaka. Kutupa kwa masiku oyamba n'kodziwika. Koma kwa anthu ena ochepa thupi limakhala phee kwa milungu kapena miyezi. Kenaka chimfine, kuzulitsa dzino kapena katemera zikadzutsa chitetezo cha m'thupi, chimatembenukira mlendo wakhala kale m'masaya uja. Zinaonekanso mu 2020 poyesa katemera wa COVID-19 wa Moderna: anthu ochepa amene anabayitsapo mankhwalawa anatupa nkhope, kenaka kunaphwa.

Alipo jakisoni wina, hyaluronidase, wosungunula mankhwalawa, koma amasungunula a hyaluronic acid okha. "Nanga inu anakubayani mtundu uti?" Mlongo wanga sankadziwa. Analibe ngakhale kapepala. Apa m'pamene ndinachita mantha enieni.

Mwamwayi mapiritsi anathandiza, kutupa kunaphwa pang'onopang'ono. Amayi mpaka lero amati ndi mapemphero, ndipo ine chinsinsi ndinachisunga. Chimene chinandivuta n'kuima pa mpanda uja m'mawa wina n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Anayankha bwinobwino, n'kufunsa ngati wodwala wathu akupezako bwino.