Injini ya 1996 m'galimoto ya 1992

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, ogulitsa zitsulo za galimoto ali ndi mawu amene ine ndimawaopa: "N'chimodzimodzi, bwana, ingokaikani."

Mukuikumbukira Land Rover Defender yanga ya 1992 ija, imene a Fomu 4 ankaitcha Agogo? Mwezi watha chitsulo chogwira pisitoni chinathyoka n'kuboola buloko, thupi lenileni la injini. Bowo lake lolowa chibakera. Kuno kwathu mvula ikayamba minibasi safika, ndipo mwana wa ku hositelo akadwala usiku ndi Agogo amene amathamanga naye kuchipatala. Choncho nkhaniyi si yanga ndekha ayi.

Wogulitsa wina m'tauni anandionetsa injini ya 300Tdi yochokera m'galimoto ya 1996. Yanga ndi 200Tdi. Iye anati zonse ndi 2.5, ndipo pamenepo sananame. Zonse ndi za dizilo, masilinda 4, kukula kwake 2495 cc. Ndipotu kutambalala kwa silinda, mamilimita 90.47, n'komweko kumene kunali pa injini ya petulo ya 2.25 imene inatuluka mu 1958. Azungu aja ankangokonza mphika womwewo zaka zonsezi. N'chifukwa chake maso amanyengeka.

Ndinapita ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kalekale, pano ndi makaniko. Dzina sinditchula, koma a m'kalasi mwake amudziwa: ankakhala kumbuyo, ndipo masamu pa MSCE sanamuyendere. Iye sanatsutsane ndi wogulitsa uja. Anangotulutsa tepi m'thumba n'kugwada.

"Aphunzitsi, taonani apa. Miyendo ya injiniyi sikhala pamene pali yanu."

Anandifotokozera bwinobwino, ine ndili chete ngati wa Fomu 1. Pamene 300Tdi inabwera mu 1994, inabwera ndi giyabokosi yatsopano, R380, m'malo mwa LT77 imene ili mwanga. Mu Defender injiniyo inasunthira kutsogolo, ndipo zitsulo zoikhazikapo pa chasisi zinasintha malo. Kuti ilowe mwanga, tiyenera kudula zakalezo n'kuwotcherera zina. Thebo ya 200Tdi ya Defender ili pamwamba, ya 300Tdi ili mmunsi, ndiye kuti paipi ya utsi ndi mapaipi a mpweya zonse n'zogula kapena zopinda mwatsopano. Mapaipi a madzi nawonso sakumana. Ngakhale malamba: 300Tdi ili ndi lamba mmodzi wamizeremizere woyendetsa pampu ya madzi ndi alitaneta, pamene yanga ili ndi akale aja.

Kutheka zimatheka, anthu ambiri anachitapo. Koma mtengo umene wogulitsa amatchula ndi wa injini yokha. Zotsalazo amalipira ndi mwini galimoto, pang'onopang'ono, mpaka ngongole ya ku SACCO itatha galimoto isanadzuke. Inu mukudziwa malipiro a mphunzitsi mmene alili, sindichita kukuuzani.

Chimene mnyamatayu anafuna ndi china. Anati tisayang'ane chaka, tiyang'ane nambala yodindidwa pa buloko. Ya 200Tdi ya Defender imayamba ndi 11L, ya Discovery ndi 12L, pamene 300Tdi ya Defender ndi 16L. Patatha masabata awiri anapeza 12L, yochokera mu Discovery imene inagubuduzika. Poiona, inkasiyana kwambiri ndi yanga kuposa ya 1996 ija: thebo pansi, chivundikiro chakutsogolo china. Koma buloko yake ndi yomweyo. Tikuchotsa zonse za Discovery n'kumangapo zanga zakale, zimene sizinaonongeke. Palibe chodula, palibe chowotcherera.

Pali chimene chakhala chikundisowetsa mtendere. Pepala la mayeso linati mwanayu sadziwa masamu. Koma ndamuona akuyeza kulifeshi ndi maikuromita, akuwerengera kagawo kakang'ono ka milimita pamtima, osalemba paliponse. Ife a sayansi tikambirane zimenezi mu sitafu, chifukwa ine yankho lokhutiritsa ndilibe.

Wina akakuuzani za Td5, imene inayamba mu 1998, dziwani kuti imeneyo ndi mtundu wina: masilinda 5, ndiponso imayendetsedwa ndi kompyuta. Ndipo mukasintha buloko, nambala ya injini yasintha. Kalembetseni ku Road Traffic kuti igwirizane ndi ya m'bulubuku, apolisi a pamsewu asanakufunseni.