Injini yaikulu si nsomba zambiri

Inu amene mwangolowa kumene m'banja ndipo mukuganiza zoyamba usodzi, tamvani zomwe zinandionekera ine ku Senga Bay.

Titasunga ndalama zaka ziwiri, ine ndi mayi a kunyumba tinagula boti lamatabwa. Inatsala injini. Mayi anati titenge ya mahosipawa 15, koma ine mtima unali pa ya 40 kuti anzanga padoko azindipatsa ulemu. Ndinakatenga ngongole osawauza.

Zoona, injini yaikulu ili ndi mphamvu. Mphamvuyo imachokera m'masilinda, momwe petulo amayaka n'kukankha pisitoni. Yamaha Enduro ya 15 masilinda ake ndi 246cc, pamene ya 40 ndi 703cc. Silinda ikakula imakankha kwambiri, komanso imamwa kwambiri.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti boti lolemera lamatabwa limang'amba madzi, ndipo liwiro lake limatengera kutalika kwake. Likafika pamalire akewo, kuwonjezera moto kumangodzutsa mphuno ya boti, kumbuyo kukutitimira, petulo akungotha. Komanso ya 40 imalemera makilogalamu oposa 70, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya 15, ndipo kulemera konseko kumakhala kumbuyo.

Usiku wina mwera utakuntha, mafunde anayamba kulowera kumbuyo komweko. Anyamata anga anapulumuka chifukwa chotaya usipa wonse m'nyanja n'kumakapa madzi mpaka kumtunda. Mmodzi mwa iwo anali mlamu wanga. Ndikanawauza chiyani apongozi?

Makaniko amene anandithandiza kugulitsa injiniyo ndiye ananditsegula maso. Anati kapangidwe nako n'kofunika. Ya two-stroke, ija timasakaniza oyilo ndi petulo, imayaka kamodzi injini ikazungulira kamodzi, n'chifukwa chake ndi yopepuka koma yanyonga. Ya four-stroke imayaka kamodzi ikazungulira kawiri. Ndi yolemera ndi yodula, koma imasunga petulo. Anawonjezera kuti pulopela yosayenera katundu wa boti imalemetsa injini, mphamvu n'kumangotayika.

Ndiye inu, musanagule, yezani boti lanu, ganizirani katundu amene lizinyamula, werengerani petulo wa tsiku limodzi, ndipo kwa makaniko mupite awiri ndi akunyumba. Safunsa anadya phula. Ine ngongole ija ndinaibweza ndikuyendera injini ya 15, yomwe mayi ananena poyamba paja.