Tsiku limodzi pa mchenga wa kwa Chembe

Kwa Chembe kumacha ndi phokoso la injini za maboti. Asodzi amene achezera usiku wonse pamadzi, nyali zili ngwee kukopa usipa, amakocheza pagombe dzuwa lisanatuluke kuseri kwa phiri. Amayi afika kale ndi mabeseni, ena akunenerera mtengo, ena akuyanika zogula zawo pa thandala. Poteropo atsikana akukwecha mapoto ndi mchenga, ana akusamba kuti athamangire kusukulu. Malo ano, m'boma la Mangochi, ndi amene alendo amawadziwa kuti Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapereka polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town.

Nsomba zikatha kugulidwa, pamayamba malonda ena. Cha m'ma 8 koloko anyamata operekeza alendo amakhuthula matumba awo pansi pa mtengo, ndipo zotulukamo n'zoti munthu ayime kaye. Muli magalasi ovala kumaso posambira, timapaipi topumira, ndi zipsepse za labala zovala kumapazi, china chabuluu china chakuda, bola zikwane phazi. Zatsopano n'zochepa. Zina anasiya ndi alendo pobwerera kwawo, zina zinapezeka pa kaunjika, zina zakhala zikusinthana manja kuyambira eni ake a lero ali ana. Lamba akaduka, amadula chubu cha njinga n'kumangirira.

Pansi pa thumba sipalephera kupezeka galasi la makolo: lobulungira ngati dzira, labala wakuda wokhuthala, m'mbali mwake mkombero wachitsulo womangidwa ndi sikuluwu. Ndiwo mtundu umene mafakitale a m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Balco wa ku Greece, ankapanga mochuluka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ku Ulaya kuli anthu amene amasonkhanitsa zoterezi n'kumazisunga m'makabati. Kuno galasilo likadali pantchito, ngakhale limabwerekedwa pomalizira, zabwino zikatha. Chifukwa chake chilipo. Munthu akamatsika pansi pa madzi, makutu amayamba kupweteka poti madzi akukanikiza, ndipo mankhwala ake ndi kutsina mphuno n'kupemerera pang'ono mpaka makutu atseguke. Magalasi ambiri obulungira amatsekera mphuno mkati, zala sizifikako. Kampani ya Cressi ya ku Italy ndiyo inatchuka pothetsa vutoli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, itatulutsa galasi lokhala ndi kathumba kofewa ka mphuno, limene inalitcha Pinocchio. Labala nayenso sagwirizana ndi dzuwa la kunyanja: amauma, amang'aluka, madzi n'kumalowa. Magalasi a masiku ano amapangidwa ndi silikoni, amene amapirira.

Kwawo kwa Balco uja, Agiriki zomira pansi pa madzi anazilipira ndi miyoyo. Amuna a pachilumba cha Kalymnos ankatsika atagwira mwala wolemera kukazula masiponji pansi pa nyanja, mpweya wawo uli wa m'mapapo mokha. M'zaka za m'ma 1860 kunabwera zovala za chipewa chachitsulo zopoperedwa mpweya kuchokera m'boti, anthu nayamba kutsika mozama ndi kukhalitsako. Ambiri anafa, ena anapuwala miyendo, chifukwa chokwera mofulumira. Koma Agiriki amene anafika pa nyanja yathu sanabwerere zimenezo. Abale a banja la Yiannakis anadza ndi makoka, nayambitsa usodzi waukulu wa chambo kufupi ndi Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi, ndipo bizinesi yawo pambuyo pake inagwera m'manja mwa kampani ya Maldeco.

Dzuwa likakwera, boti loyamba limanyamuka kupita ku chilumba cha Thumbi, ulendo wa mphindi zochepa. Woperekeza amagawa zida n'kuphunzitsa zimene palibe buku limaposa: lavulira malovu m'galasi, paka ndi chala, tsukuluza pang'ono, silichita nthunzi. Alendo ena amachita nyansi, kenaka amalavulira ndithu.

Ukangoviika nkhope pafupi ndi miyala, umamvetsa chimene anthu amawolokera nyanja zamchere kudzaona. Mbuna, tinsomba ta m'miyala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tili piringupiringu kubudula ndere. Tamphongo tikulondera timalo tawo, kuthamangitsa aliyense wodutsa. Tina tatikazi masaya ali otupa, ndipo si matenda: mazira ndi ana amasungidwa m'kamwa, mayi osadya kwenikweni kwa masabata angapo. Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho chilumba chilichonse ndi mulu uliwonse wa miyala uli ndi mitundu yakeyake. N'chifukwa chake nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. N'chifukwa chakenso boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo UNESCO inayika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Lamulo limaletsa kuponya ukonde m'madzi a mamita 100 kuchokera kumtunda wa paki ndi zilumba zake. Kuti lamulolo limatsatidwa bwanji usiku, funsani nyali zimene zimaoneka pafupi ndi miyala.

Masana, mchenga ukuotcha mapazi, minibasi imatsika phiri ili ndi fumbi lokhalokha. Ndi ana asukulu ochokera kwa Chimaliro ku Thyolo, amene ananyamuka tambala asanalire, kudzera ku Limbe, Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Ambiri madzi aakulu amene akuwadziwa ndi madamu a m'maesiteti a tiyi, kumene makolo amawaletsa ngakhale kuyandikira. Aphunzitsi awaonetsa kaye manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pano mu 1875 pa sitima ya Ilala, Dr Robert Laws ali m'gulumo, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa. Anawo alemba m'makope, koma maso ali kunyanja.

"Achimwene, zovala kumasozi mumabwereketsa bwanji?" afunsa aphunzitsi aakazi, dzanja lili pachikwama.

"Kwa azungu mtengo wake ndi wina, madamu. Anawa tengani awiriwa, azisinthana. Koma asapitirire pamene madzi afika m'chiuno."

Limodzi mwa awiriwo ndi lobulungira lija. Kamtsikana kena kavala, lamba wa chubu akukoka tsitsi, kawerama, kaviika nkhope, kadzuka msangamsanga kakutsokomola. Kaviikanso. Ulendo uno kakhalitsa, ndipo podzuka kakuwa kuti nsomba ili ndi maso ofiira, ikundiyang'ana! Mzere wa odikira watalika pompo. Pano pagombe la mudzi palibe mbuna zambiri, ndi tinsomba ta pamchenga chabe, koma kwa mwana amene nsomba waiona youma pamsika wa Luchenza zokhazi n'zokwanira. Ku Thumbi sapita. Ndalama ya boti inathera mafuta a minibasi.

Apa ndiye pamandiwawa. Mbuna za nyanja ino zimasambira m'matanki agalasi a m'nyumba za ku Germany, America ndi Japan. Malemu Stuart Grant anakhala zaka zambiri akuzitumiza kunja kuchokera ku Kambiri Point ku Salima, ndipo ogwira nsombazo anali Amalawi omira ndi mipaipi ya mpweya yochokera m'boti. Mwana wa ku Berlin akhoza kutchula mayina a mbuna, pamene mwana wa ku Thyolo, ngakhale wa ku Monkey Bay kumene, amamaliza sukulu osaionapo yamoyo. Chomulepheretsa si china koma galasi limodzi ndi malo m'boti.

Chakumadzulo kumamveka kompulesa ikudzaza masilinda a omira mozama, amene amalipira maphunziro a masiku angapo kuti alandire satifiketi. Amaphunzitsidwa zimene amuna a ku Kalymnos sanauzidwe: mamita 10 aliwonse amawonjezera kukanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse wa kumtunda, ndipo pokwera sathamanga, komanso sagwira mpweya m'chifuwa. M'miyezi yozizira mwera umatha kuwinduka, maulendo onse n'kuimitsidwa. Kukakhala bata, maboti obwerera amaima pafupi ndi mitengo ya pachilumba, woperekeza aimba likhweru, aponya nsomba, nkhwazi itsika n'kuiwakha, makamera ali m'mwamba.

Dzuwa likamalowa, anyamata aja amatsukuluza zida, kuwerenga, n'kukanganirana chipsepse chimodzi chimene chasowa. Minibasi ya ku Thyolo yapita kukagona ku Mangochi. Asodzi akukonza nyali ndi chilimira, ulendo wa usiku wayandikira.

Inu amene mukukonza zopita ndi ana kumeneko, musanalipire galasi liyikeni pankhope popanda lamba n'kukoka mpweya ndi mphuno. Likamatirira ndi labwino, likagwa pemphani lina. Ikani padera ndalama ya boti la ku Thumbi musanagule mafuta ndi zakumwa. Ndipo popeza m'madzi osaya a kwa Chembe muli nkhono zofalitsa likodzo, pakatha miyezi iwiri mutabwerako pitani nawo anawo kuchipatala akalandire mankhwala a praziquantel.